Tchuthi ku Mauritius: Tulukani mu Hotela, Mukalandiridwe ndi Eni Chilumba

Mukalemba dzina loti Mauritius pa Instagram kapena pa TikTok, zithunzi zomwe zimabwera zimakhala ngati wajambula ndi munthu mmodzi: mchenga woyera mbee, madzi oonekera mpaka pansi, ndi awiri ongokwatirana kumene atagwirana manja dzuwa likulowa. Zithunzizo si zabodza ayi, chilumbachi n'chokongoladi. Koma munthu atha kutha sabata yathunthu m'kati mwa mpanda wa hotela, n'kukwera ndege kubwerera kwawo asakudziwa n'komwe kuti anali m'dziko lokhalo mu Africa momwe chipembedzo cha anthu ambiri ndi Chihindu.

Tinene mosabisa: mchenga ndi madzi tili nazo. Amene anafikako ku Cape Maclear, ku Chintheche kapena ku Likoma sangazizwe kwenikweni ndi gombe la eni. Tsono ngati mwasunga ndalama kwa miyezi, mwavutika kupeza madola kubanki, n'kugula tikiti ya ndege yomwe mtengo wake umaumitsa kukhosi, ndi bwino kukatenga chinthu chomwe kwathu kuno simungachipeze. Ku Mauritius chinthucho ndi anthu ake, makamaka momwe Ahindu a kumeneko amapempherera, amadyera komanso amalandirira mlendo. Zimenezi sazigulitsa limodzi ndi chipinda cha hotela. Zimafuna kutuluka pageti, ndiponso kudziwa kayendedwe ka pakhomo pa eni.

Chilumba chomwe aliyense anachita kubwera

Mauritius ili m'nyanja yaikulu ya Indian Ocean, kum'mawa kwa Madagascar, pamtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 kuchokera kugombe la Africa. Ndi malo ochepa zedi: makilomita pafupifupi 65 m'litali ndi 45 m'lifupi. Kukula kwa dziko lonselo sikusiyana kwenikweni ndi boma la Mulanje, ndipo kuli anthu opitirira pang'ono 1.2 miliyoni. Ndi membala mnzathu m'mabungwe a SADC, COMESA ndi African Union. Pafupifupi theka la anthuwa ndi Ahindu, ndipo ambiri mwa otsalawo ndi Akhristu ndi Asilamu.

Kalekale pachilumbachi panalibe munthu. Adatchi anafikapo mu 1598 n'kuchitcha dzina la kalonga wawo, Maurice wa ku Nassau. Afalansa anachitenga mu 1715, ndipo minda yawo ankalimitsa akapolo ochokera ku Madagascar ndi ku Mozambique. Angerezi anawalanda chilumbachi mu 1810. Ukapolo utayandikira kutha, eni minda ya nzimbe anayamba kufunafuna anthu ena oti aziwalipira zochepa, ndipo maso awo anagwera ku India. Pa 2 Novembala 1834 sitima yotchedwa Atlas inafika ndi gulu loyamba la antchito a kontrakiti. Ukapolo unathetsedwa miyezi itatu pambuyo pake, pa 1 Febuluwale 1835.

Kuyambira 1834 mpaka 1920, anthu pafupifupi theka la miliyoni anafika motere padoko la Port Louis. Ambiri anachokera kumadera a Bihar ndi Uttar Pradesh, ena kumwera ndi kumadzulo kwa India, olankhula Chitamil, Chitelugu ndi Chimarathi. Ankasainira zaka zisanu, koma moyo wa m'minda unali wowawa. Munthu akajomba tsiku limodzi ankamudula malipiro a masiku awiri. Amene anamvapo za thangata m'maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje angamvetse kuti kontrakiti yotere inali pafupi bwanji ndi ukapolo womwe ankati watha.

Malo omwe antchitowa ankafikira alipobe mumzinda wa Port Louis. Amatchedwa Aapravasi Ghat, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 2006. Pali masitepe 16 amiyala omwe anthuwa ankakwera potsika m'boti. Sir Seewoosagur Ramgoolam, nduna yaikulu yoyamba ya dzikoli litalandira ufulu pa 12 Malichi 1968, anali mwana wa mmodzi mwa antchito oterewa wochokera ku Bihar. Bwalo la ndege lomwe mudzatsikirepo limatchedwa dzina lake.

Mbiriyi ndi yomwe imamasulira zonse zomwe mudzaone. Chihindu cha ku Mauritius n'cha anthu omwe anasiya kwawo ndi kachikwama kamodzi, ambiri osadzabwereranso, n'kusunga mapemphero, nyimbo ndi kaphikidwe kawo m'timisasa ta m'minda ya nzimbe.

Nyanja yopatulika ya pamwamba pa phiri

Kwa Mhindu, mtsinje wa Ganges wa ku India ndi wopatulika kuposa madzi ena onse. Nanga munthu amene ali kutsidya la nyanja, wopanda ndalama ya sitima, atani? Yankho la Ahindu a ku Mauritius lili m'boma la Savanne, kumapiri a kumwera kwa chilumbachi. Kumeneko kuli kanyanja komwe kanadzaza m'chibowo cha phiri lomwe linaphulika kalekale, pamtunda wa mamita pafupifupi 550 kuchokera pamwamba pa nyanja yaikulu. Pamapu mupeza dzina loti Grand Bassin, koma opemphera amati Ganga Talao.

Eni ake amafotokoza kuti mu 1897 wansembe wina, Pandit Jhummon Giri Gossagne Napal, analota kuti madzi a kanyanjaka ndi amodzi ndi a mtsinje wa Ganges. Chaka chotsatira, gulu loyamba linayenda wapansi kukatunga madziwo. Mu 1972 madzi ochokera mumtsinje wa Ganges weniweniwo anathiridwa m'kanyanjaka, ndipo dzina loti Ganga Talao linakhazikika.

Mukamayandikira malowa, chimene chimayamba kuoneka ndi chiboliboli cha Shiva chotchedwa Mangal Mahadev, chotalika mamita 33, chomwe chinatsegulidwa mu 2007. Pafupi nacho pali china chachitali chimodzimodzi, cha Durga ali ndi mkango wake. Kutsikira kumadzi, m'mbali monse muli akachisi. Mabanja amaima m'madzi ofika m'maondo kapena pa timasitepe ta simenti, atanyamula mbale za maluwa, nthochi ndi kokonati. Fungo la lubani limadzaza ponseponse, mabelu akulira apo ndi apo. M'madzimo muli nsomba ndi mikunga yonenepa chifukwa palibe amene amaloledwa kuwedza. Pakaphiri ka pambali pali kachisi wa Hanuman, ndipo mukakwera masitepe ake mumaona kanyanja konse pansi panu.

Zinthu ziwiri zoti mudziwiretu. Choyamba, kumtundaku kumazizira, nkhungu ndi mvula zimabwera mosachenjeza ngakhale kugombe kukuwala dzuwa, ndiye tengani juzi kapena jekete. Chachiwiri, kuli apusi akuba kwabasi. Nthochi ili m'manja, angoti tsomphu!

Msewu wodyetsa aliyense

Kuti muone kuchereza kwa Ahindu a ku Mauritius pachimake, nthawi yake ndi ya Maha Shivaratri, kutanthauza usiku waukulu wa Shiva. Tsikuli limatsatira mwezi wakumwamba, choncho limasinthasintha, koma limagwa mu Febuluwale kapena mu Malichi, ndipo ndi tchuthi cha dziko lonse. Kwa masiku angapo tsikuli lisanafike, anthu masauzande mazanamazana amanyamuka m'midzi ndi m'matauni kulowera ku Ganga Talao, ambiri wapansi, atavala zoyera. Ochokera kumpoto kwenikweni amagona panjira. Amakhala atasiya nyama ndi mowa kwa masiku angapo podzikonzekeretsa. Akafika amatunga madzi a m'nyanjamo, n'kubwerera nawo ku akachisi a kwawo kukawathira pa mwala woimira Shiva, wotchedwa lingam, pa mapemphero a usiku wonse.

Magulu a achinyamata amanyamula kanwar, zomangidwa ndi nsungwi kapena matabwa n'kukongoletsedwa ndi mapepala amitundumitundu, timagalasi, timabelu ndi maluwa. Zina amazisenza paphewa, zina n'zazikulu moti amazikoka pamateyala. Kukula kwakeko kunabweretsapo maliro: mu Malichi 2024 kanwar ina inakhudza mawaya a magetsi pamalo otchedwa Arsenal, ndipo anthu asanu ndi mmodzi anamwalira. Kuchokera apo boma linakhwimitsa malamulo a kukula kwa kanwar.

Koma chomwe chimakhudza mtima wa mlendo chili m'mbali mwa msewu. Mabanja, magulu a m'midzi ndi makampani amamanga matenti n'kumagawa madzi, tiyi, juwisi, zipatso ndi chakudya chotentha kwa aliyense wodutsa, usana ndi usiku, popanda kulipiritsa. Ena amathandiza otupa mapazi ndi otopa. Safunsa kuti ndinu wa chipembedzo chanji kapena mwachokera dziko liti, ndipo anthu a zipembedzo zina nawonso amathandiza nawo. Ahindu amatcha ntchito yotereyi seva, kutumikira mnzako osayembekezera malipiro. Chiphunzitso chawo chakale chimaika mlendo pamalo aulemu limodzi ndi kholo ndi mphunzitsi.

Kwa ife amene tinakula tikumva kuti mlendo ndi mame, zimenezi si zachilendo. Chachilendo n'kukula kwake basi: tangoganizani msewu wonse, makilomita ndi makilomita, utasanduka khonde limodzi lodyera.

Ngati mukufuna kuona mwambowu, pitani kutatsala masiku atatu kapena anayi, m'mamawa, chifukwa pafupi ndi tsiku lenilenilo misewu imadzaza moti galimoto imayenda ngati kamba. Ndipo kumbukirani kuti chakudya cha m'matenti n'cha oyenda ulendo wa mapemphero. Akakuitanani landirani ndi manja awiri, koma musasandutse matentiwo lesitilanti yaulere.

Pakachisi pa eni

Apa m'pomwe alendo ambiri amalakwitsa, osati mwadala, koma chifukwa chofika ndi maganizo a kugombe. Ku Ganga Talao, ku Maheswarnath Mandir wa ku Triolet, yemwe ndi mmodzi mwa akachisi akale ndi akuluakulu pachilumbachi, kapena ku akachisi amitundu yowala a Atamil, malamulo ake ndi ofanana.

Vulani nsapato musanalowe, muzisiye pomwe pali za anzanu. Valani zobisa mapewa ndi maondo, abambo ndi amayi omwe. Apa chitenje chimagwira ntchito yaikulu: n'chopepuka m'chikwama, ndipo mumangochimanga pamwamba pa kabudula kapena siketi yaifupi. Musalowe ndi nyama, mowa kapena fodya. Ahindu amalemekeza ng'ombe ndipo sadya nyama yake, choncho ndi ulemu kusiya lamba kapena chikwama chachikopa m'galimoto. Polandira kapena popereka chinthu gwiritsani ntchito dzanja lamanja. Mukakhala pansi, musalozetse mapazi ku ziboliboli.

Nkhani ya foni nayo ndi yofunika. Kujambula nyanja ndi nyumba zake palibe vuto, koma munthu amene watseka maso akupemphera si chokongoletsera vidiyo yanu. Pemphani kaye. Musaime pakati pa wopemphera ndi chiboliboli kuti mupeze selfie yabwino, ndipo zovina za pa TikTok zidikire kugombe. Taganizani mutakhala kuti muli m'tchalitchi kapena mumzikiti mwanu, wina n'kulowa ndi kabudula wosambira, foni m'mwamba. Mungamve bwanji?

Ambiri mwa owerenga tsamba lino ndi Akhristu kapena Asilamu, ndipo funso lomwe limakhala mumtima ndi lakuti: kodi ndikapita kumeneko ndiye kuti ndapembedza nawo? Kuyendera kachisi si kupemphera. Palibe amene adzakukakamizeni kugwada. Wansembe atha kufuna kukuikani kadontho pamphumi, kotchedwa tika, kapena kukumangani kaulusi padzanja ngati dalitso. Athanso kukupatsani prasad, chomwe ndi chipatso kapena chotsekemera chomwe chayamba chaperekedwa pa pemphero. Ngati chikumbumtima chanu sichikulola, gwirizanitsani manja pachifuwa, mwetulirani, nenani zikomo n'kubwerera pang'ono m'mbuyo. Amamvetsa. Chosayenera n'kulandira prasad kenako n'kukaitaya m'bini kapena pansi. Ndipo mawu oti mafano asatuluke pakamwa panu muli pamalopo. Eni ake amati murti, ndipo kwa iwo n'zopatulika. Kulemekeza chikhulupiriro cha mnzako sikuchotsa kanthu pa chako.

Tsamba la nthochi ndi ndiwo zisanu ndi ziwiri

Njira yachidule yolowera m'moyo wa anthu a ku Mauritius ndi ya pakamwa. Yambani ndi dholl puri, chakudya cha pamsewu chomwe aliyense amadya, wolemera ndi wosauka. Chimaoneka ngati chapati chopyapyala kwambiri ndi chofewa, m'kati mwake muli nyemba zachikasu zogaya. Amagulitsa ziwiriziwiri, n'kuthirapo nyemba zikuluzikulu zophika ndi kale, msuzi wa tomato wotchedwa rougaille, ndi tsabola. Akakufunsani za tsabola, yambani ndi wochepa, ngakhale mutakhala katswiri wa kambuzi. Palinso gato pima, timipira ta nyemba zogaya ndi tsabola tokazinga m'mafuta, ndi alouda, chakumwa chozizira cha mkaka chokhala ndi timbewu. Zonsezi mumazipeza pamsika waukulu wa Port Louis ndi m'misewu ya matauni ngati Rose Hill, pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi mbale ya mu hotela.

Mwayi waukulu n'kuitanidwa kuukwati wa Chihindu. Maukwati awo amatenga masiku angapo ndipo oitanidwa amakhala ambirimbiri, moti mwini nyumba yomwe mukugona kapena woyendetsa takisi amene mwazolowerana naye atha kukuuzani kuti tiyeni. Usiku woti mawa ndi ukwati pamakhala mwambo wa haldi, pomwe achibale amapaka chikasu mkwati kapena mkwatibwi. Alendo amakhala m'mizere pamatebulo ataliatali, aliyense ndi tsamba la nthochi patsogolo, ngakhale masiku ano ena amagwiritsa ntchito pepala lobiriwira looneka ngati tsamba. Operekera amadutsa ndi ndowa, aliyense ndi ndiwo yake: dzungu, nyemba, mbatatesi, nthochi zaziwisi, masamba ndi zina, mpaka zitakwana zisanu ndi ziwiri. N'chifukwa chake chakudyachi amachitcha sept cari. Nyama palibe. Amadyera ndi timikate tokazinga totchedwa ti puri, ndi manja. Kwa wokulira pa nsima, pamenepo palibe chophunzira, kungokumbukira kuti ndi dzanja lamanja.

Ukwati usanachitike, amayi amasonkhana kuimba nyimbo za m'chilankhulo cha Bhojpuri, akuomba ng'oma ndi kuvina. Mwambowu umatchedwa Geet Gawai, ndipo UNESCO inauzindikira mu 2016. Mukaitanidwa, valani modzilemekeza, tengani envelopu ya kangachepe, ndipo musakane chakudya chonse. Kulawako pang'ono ndi ulemu, ngati momwe zilili kwathu.

Pa chilankhulo musade nkhawa. Ambiri amamva Chingerezi, ngakhale tsiku ndi tsiku amalankhula Kreol ndi Chifalansa. Mawu ochepa amatsegula nkhope: bonzur ndi moni, ki manier ndi muli bwanji, mersi ndi zikomo. Kwa akuluakulu a Chihindu, namaste mutagwirizanitsa manja amakwanira.

Zikondwerero zina za pachaka

Ngati simungathe kupita nthawi ya Maha Shivaratri, zilipo zina. Mu Januwale kapena Febuluwale, Atamil amachita Thaipoosam Cavadee polemekeza Muruga. Atasala kwa masiku khumi, amasenza matabwa opindika okongoletsedwa ndi maluwa, okhala ndi timiphika ta mkaka, kupita kukachisi. Ena amabayitsa timasingano m'lilime, m'masaya ndi pathupi pokwaniritsa malonjezo awo. Kwa woona koyamba zimachititsa nthumanzi, koma si chionetsero, ndi pemphero. Imani pambali mwakachetechete. Pomaliza, anthu onse amadya limodzi pa masamba a nthochi.

Mu Ogasiti kapena Seputembala kuli Ganesh Chaturthi, pomwe mabanja, makamaka a Chimarathi, amanyamula ziboliboli zadothi za Ganesh n'kukazimiza m'mitsinje ndi m'nyanja, ng'oma zikulira. Mu Okutobala kapena Novembala kuli Divali, chikondwerero cha kuwala. Nyumba zimayaka ndi timiuni tadothi ndi magetsi amitundumitundu, ndipo mabanja amagawira anansi zotsekemera, posayang'ana chipembedzo. Chotchuka ndi gato patat, chopangidwa ndi mbatata, m'kati muli kokonati ndi shuga. Amene mumaonera masewero a pa Zee World mudzazindikira zambiri, kungoti apa n'zenizeni, ndipo fungo lake likukufikani m'mphuno.

Mbali ina ya chilumba

Kungoona Ahindu okha n'kuona theka la Mauritius. Kumwera chakumadzulo kuli phiri la Le Morne, lomwe mapanga ndi maphompho ake ankabisa akapolo othawa. UNESCO inaliika pamndandanda wake mu 2008. Kwa ife malowa ali ndi tanthauzo lapadera, chifukwa mwa akapolo omwe ankatengedwa kudzera m'madoko a ku Mozambique munali Amakua, Ayao ndi ena omwe analembedwa kuti Amaravi. Zidzukulu zawo zili m'gulu la anthu otchedwa Akiriyo lero, ndipo gule wawo wa sega, woimbidwa ndi ng'oma yopyapyala ya ravanne, ndi womwe mahotela amaonetsa alendo madzulo.

Anthu a ku Mauritius amakhala mwamtendere, kachisi, tchalitchi ndi mzikiti zili m'msewu umodzi. Koma si kumwamba. Akiriyo ambiri akhala akudandaula kuti anatsalira pa chuma ndi pa ntchito za m'boma. Mu Febuluwale 1999 kunabuka zipolowe woimba wotchuka Kaya atamwalira ali m'manja mwa apolisi. Mlendo wanzeru salowerera ndale za eni, koma amamvetsera mbali zonse. Tsiku limodzi ku Aapravasi Ghat, lina ku Le Morne, ndiye kuti mwamva nkhani yonse ya momwe dzikoli linabadwira.

Kukonzekera ulendo

Palibe ndege yochoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre molunjika ku Mauritius. Ambiri amadzera ku Johannesburg, komwe ulendo wotsalawo ndi wa maola pafupifupi anayi, kapena ku Nairobi. Wokhala ndi pasipoti ya Malawi safunika kufunsiratu viza akamapita kutchuthi, koma pabwalo la ndege amafuna kuona tikiti yobwerera, umboni wa komwe mukagone, ndi umboni woti muli ndi ndalama zokwanira. Palinso fomu ya alendo yomwe mumadzaza pa intaneti musananyamuke. Malamulo oterewa amasintha, choncho tsimikizani musanagule tikiti. Popeza dzikolo linathana ndi malungo, azaumoyo atha kukutsatirani kuti akuyezeni magazi chifukwa mwachokera kudera la malungo. Musadabwe nazo.

Ndalama yawo ndi rupee ya Mauritius. Makwacha sakagwira ntchito kumeneko, ndiye nkhani ya madola kapena khadi yogwira kunja iyambeni msanga ndi banki yanu, osati sabata yonyamuka. Nthawi yawo ili patsogolo ndi maola awiri. Galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu.

Nyengo ili pawiri. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala kumakhala kozizirirapo ndi kouma. Kuyambira Novembala mpaka Epulo kumatentha, kumagwa mvula, ndipo ndi nthawi ya anamondwe. Namondwe Freddy, amene anatipweteka mu Malichi 2023, anadutsa kumpoto kwa Mauritius mu Febuluwale asanafike kuno. Popeza Cavadee ndi Maha Shivaratri zimagwa m'nyengo imeneyi, gulani tikiti yotheka kusintha tsiku ndipo muzitsatira machenjezo a zanyengo.

Pa malo ogona m'pomwe mungapulumutse ndalama zambiri. Nyumba za alendo zoyendetsedwa ndi mabanja ndi zipinda za lendi m'madera ngati Flic en Flac, Mahébourg, Pereybère ndi Trou d'Eau Douce n'zotsika mtengo kuposa mahotela akuluakulu, ndipo m'momwe mumakumana ndi eni dziko. Magombe ngati Mont Choisy, Belle Mare ndi Flic en Flac ndi a aliyense, osalipira. Pitaniko Lamlungu muone mabanja athunthu, agogo ndi zidzukulu, atayala mikeka pansi pa mitengo ndi mapoto a biriyani. Mabasi amafika madera ambiri, ndipo sitima ya Metro Express imalumikiza Port Louis ndi Curepipe. Ku Ganga Talao n'kosavuta kupita pa takisi kapena galimoto yahayala. Gwirizanani mtengo musanakwere, ndipo ulendo womwewo muuphatikize ndi minda ya tiyi ya Bois Chéri kapena nkhalango ya Black River Gorges, zomwe zili pafupi.

Pa masiku asanu ndi awiri a tchuthi, patulani awiri okha. Tsiku loyamba yambani ndi masitepe a Aapravasi Ghat m'mawa, masana mudye dholl puri mutaimirira pamsika ngati wina aliyense. Lachiwiri lawirirani ku Ganga Talao nkhungu isanachoke, chitenje m'chikwama, foni m'thumba, mukhale pa sitepe kwa ola limodzi mukungoona. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku asanu otsalawo, gombe ndi lanu.

Ndipo ngati tikiti ikadali kutali ndi thumba lanu chaka chino, poyambira palipo pafupi. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe kuli akachisi a Ahindu omwe ambirife timangodutsa pa minibasi osacheuka. Divali ikadzafika, mufunireni zabwino mnansi kapena mnzanu wa kuntchito amene akuyatsa timiuni pakhomo pake, ndipo mumufunse tanthauzo lake. Mudzakatsika pabwalo la ndege la Sir Seewoosagur Ramgoolam muli kale ndi poyambira kucheza.